Zimene adalemba adokotala m'buku la Fabiano

Fabiano adagona m'chipatala cha ku Kabudula masabata awiri ndi masiku atatu chifukwa cha bala la nkhwangwa. Ankadula mitengo yokonzera khola pomwe nkhwangwayo idaterereka n'kumutema pamsongolo. Iye adangomangapo kansanza n'kupitiriza ntchito, mpaka mwendo udatupa ngati mtondo, thupi n'kuyamba kutentha. Mlamu wake Hudson, mchimwene wa mkazi wake, ndiye adamunyamula pangolo.

Tsiku lotuluka adali ataonda moti thalauza adachita kulimanga ndi chingwe. Mkazi wake Lidiya, yemwe adamudikirira masiku onsewo, adapita kukalongedza mapoto ndi nkhuni zotsala, ndipo nthawi yomweyo ndi imene adokotala adafika pabedi. Adayang'ana bala, adalankhula ndi Fabiano kwa nthawi ndithu akuwerenga zinthu pazala, kenaka adalemba m'buku lake lakuchipatala. Lidiya pobwera ndi mtolo pamutu adapeza adokotala atapita kale kwa odwala ena.

Ngolo itangodutsa pamsika, Lidiya adafunsa zomwe adokotala adanena. Fabiano adayamba wausa moyo n'kuyang'ana kutali. Adati nkhani yake njovutirapo: mapilitsi okha sangatseke balalo, chifukwa m'thupi mwake mwatha chinthu china chotchedwa puloteni. Lidiya adafunsa ngati chimenecho amagulitsa m'masitolo a mankhwala ku Lilongwe. Fabiano adapukusa mutu.

"Chimapezeka m'nkhuku," adatero. "Yachikuda, osati zoyera zapamsikazi."

"Kwa masiku angati?"

"Mpaka bala litapola. Alemba m'bukumu, taonani nokha amake Takondwa."

Lidiya adalekezera sukulu Sitandade 6, ndipo Baibulo ndi buku lanyimbo ankawerenga bwinobwino, koma zolemba za adokotala zidangokhala ngati mizere ya chiswe pakhoma, zachingerezinso. Fabiano adafika Fomu 2 ndipo adali mlembi wa kalabu ya alimi a fodya. Adaika chala pamawu amodzi n'kuwatchula pang'onopang'ono. Hudson, akukwapula ng'ombe kutsogoloko, adati nayenso adamvapo zotere pawailesi.

Kunena zoona, Fabiano sadakonze zoti bodzali litalike. Pabedi loyandikana ndi lake padagona mkulu wina wa ku Nsaru yemwe ana ake ankamubweretsera nkhuku yokazinga pafupifupi tsiku lililonse, ndipo fungolo lidamulowa Fabiano m'mutu. Nkhuli idamugwira kwambiri. Ankangofuna nkhuku imodzi yoti atsukire mkamwa, koma ankadziwa kuti kuipempha mwachindunji n'kutaya nthawi.

Nkhuku zapakhomopo zidali za Lidiya, zonse khumi ndi zinayi. Adayambira pa msoti umodzi womwe mayi ake adamupatsa, ndipo chitopa chidadutsa m'mudzimo kawiri osatengapo ngakhale imodzi, chifukwa iye sankaphonya katemera wodontheza m'maso. Nkhuku inkaphedwa pa Khirisimasi kapena kukabwera apongozi. Fabiano adali mkamwini wochokera ku Nambuma, ndipo chuma chomwe ankati nchake pamudzipo chidali njinga, wailesi ndi tonde. Tondeyo adamugula kwa mlimi wina kufupi ndi Chitedze. Adali wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wa mutu wofiira ndi makutu olendewera, ndipo Fabiano adamutcha Kapitawo. Anthu ankabwera ndi mbuzi zawo kuchokera midzi itatu kudzafuna mbewu yake. Khola lomwe lidamuvulaza lija lidali la Kapitawo yemweyo, ndipo m'chipatala funso lake loyamba m'mawa uliwonse lidali loti kodi tondeyo amupatsa madeya othira mchere.

Woyamba kufa adali tambala wakale. Lidiya adamupereka ndi mtima umodzi, poti ankaona nthiti za mwamuna wake zikuwerengeka. Wodwala sakadatha kuthamangitsa nkhuku, choncho Hudson adadzipereka kuti aziwathandiza ntchito imeneyo. Adamugwira tambalayo kuseri kwa nkhokwe, adamuzinga, n'kukhala pansi kudikira kuti aone ngati mlamu wake atadye bwino.

Fabiano adadya bwino kwambiri. Adakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mwendo atausanjika pampando, n'kudya nganga, ntchafu imodzi ndi nthutumba. Ntchafu inayo idapita kwa Hudson. Lidiya ndi ana ake awiri, Takondwa wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Vanessa yemwe adali akuyamwabe, adadyera kukhitchini mutu, zipalapasiro ndi msuzi. Tambalayo adatha masiku awiri.

Tsiku lachitatu Lidiya adaphika nyemba. Fabiano atavundukula mbale adagwira mwendo wake ndi manja onse awiri. Adafotokoza modekha kuti nyemba zimadzaza mpweya m'mimba, ndipo mpweyawo ukasowa kolowera umatsikira kubala n'kulitsegulanso. Hudson, yemwe adali atafika kale kudzazonda matenda, adavomereza kuti zimenezo nzodziwika. Madzulo ake msoti wamawangamawanga udalowa mumphika.

Zidapitirira choncho. Nkhuku iliyonse ikamaphedwa Fabiano ankadziuza mumtima kuti iyi ndiyo yomaliza, koma fungo la anyezi likayamba kutuluka kukhitchini ankaona kuti bala silidapoletsetse. Pakutha pa masabata atatu chingwe cha thalauza chija adachitaya, masaya adabwerera, khosi lidayamba kuwala. Bala lidauma, lidangotsala chipsera chofiirira. Lidiya akapita kumjigo, Fabiano ankadzuka n'kupita kukhola kukamukanda Kapitawo pamphumi, akuyenda ngati munthu wabwinobwino. Akangomva ndowa ikugunda pakhomo ankatola ndodo n'kuyamba kutsimphina. Hudson naye malaya adayamba kumuthina, ngakhale sadadwalepo.

Lidiya sadali wopusa. Ankaona mapazi a mwamuna wake pafumbi, opita kukhola popanda chizindikiro cha ndodo pambali pake. Koma ankaopa chinthu chimodzi: atakaniza nkhuku, mwendo n'kutupanso, abale ake a Fabiano ku Nambuma angadzanene kuti iye adakonda ziweto kuposa mwana wawo. Ndipo m'bukumo mudalidi molembedwa. Madzulo akamatsekera nkhuku m'khola ankaziwerenga, ngakhale ankadziwa kale kuti zatsala zisanu ndi imodzi.

Lachitatu lina kudali sikelo ya ana pabwalo la tchalitchi. Lidiya adabereka Vanessa, n'kutenga jumbo yomwe ankasungamo mabuku onse akuchipatala apabanjapo. Woyeza ana adali Faness, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, mayi wamfupi wolankhula mosabisa. Adamupachika Vanessa pasikelo yomangirira kunthambi, adayang'ana muvi, n'kuyang'ananso mzere wa m'buku. Adati mwanayu miyezi iwiri tsopano sakukwera. Adafunsa zomwe amadya, ndipo Lidiya adati phala la ufa woyera m'mawa, masana ndi madzulo nsima yonyowetsa mumsuzi. Mazira kudalibe, poti nkhuku zoikira ndi zomwe zinkaphedwa.

Faness adati mwanayo akukhuta koma sakukula, chifukwa akusowa zakudya zomanga thupi, zomwe ena amati mapuloteni. Adaonjeza kuti Lidiya nayenso, monga mayi woyamwitsa, akuzifuna kwambiri.

Lidiya atamva mawuwo misozi idalengeza. Adati ndiye kuti zawathera, chifukwa nkhuku zatsala zisanu ndi imodzi, ndipo bambo a ana okha akutha imodzi pamasiku awiri kapena atatu. Faness sadamvetse. Adafunsa kuti nkhuku zalowamo bwanji, ndipo Lidiya adafotokoza zonse, kuyambira pangolo mpaka za mpweya wotsikira kubala. Kenaka adatulutsa buku la Fabiano m'jumbo muja.

Faness adawerenga tsamba lija. Adayesetsa kudzigwira poti amayi ena adali pamzere, koma zidakanika. Adadziphimba kumaso ndi bukulo, mapewa akugwedezeka, mpaka adakhala pabenchi. Atapukuta misozi adamukokera Lidiya pambali n'kumuwerengera m'Chichewa, chala chili pamzere: wodwalayu adye zakudya zomanga thupi tsiku ndi tsiku, monga nyemba, mtedza, soya, mazira, nsomba, mkaka, komanso nyama ikapezeka.

"Nanga nkhuku ili pati?" adafunsa Lidiya.

"Palibe pomwe aitchula. Ili m'gulu la nyama lomwelo, ndipo taonani, aiika kumapeto. Nyemba ndiye ayambira."

Faness adamufotokozera kuti thupi silisunga zomanga thupi ngati chimanga m'nkhokwe, kuti munthu adye nkhuku yathunthu lero zimukwanire sabata. Limafuna pang'onopang'ono koma tsiku lililonse: nsinjiro m'phala kapena m'masamba, chipande cha nyemba kapena khobwe pambali pa nsima, dzira, usipa wosinja kwa mwana. Lidiya adakumbukira matumba a mtedza ndi soya omwe adaunjikana kuchipinda kuyembekeza ogula, ndi ndowa ya nyemba yomwe adaivundikira masabata atatu apitawo. Mtima udamutentha. Faness adadzipereka kuti abwere kunyumba adzalankhule ndi bamboyo, koma Lidiya adakana. Nkhope yake idali itayamba kusintha, ndipo adapempha chinthu chimodzi chokha: kuti mawu aja a puloteni awalembe m'buku la Vanessa ndi m'buku lake, m'malembo akuluakulu oti aliyense awerenge. Faness adati zimenezo nzoona kale, palibe chovuta, ndipo adalemba. Lidiya adafunsanso ngati Takondwa akufunika zomwezo, ndi ngati nyama yambuzi ili nazo. Mayankho onse adali oti inde.

Adafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kupeza Fabiano ndi Hudson akusewera bawo pansi pa mango. Adagwada chapatali ndi nkhope yakugwa, mabuku awiri ali m'manja.

"Abambo a Takondwa, matenda anu aja alowa m'nyumba."

Fabiano adalandira mabukuwo. Mawu aja adalimodi, olembedwa bwino moti ngakhale Hudson adawawerenga. Lidiya adafotokoza ndi mawu otsika kuti Vanessa sakukwera sikelo, kuti iyenso amupeza nalo vutolo, ndipo Takondwa naye ali pangozi. Odwala tsopano adali anayi. Adati njira yonse wakhala akuwerengera, ndipo waona kuti nkhuku zotsalazi sizingafike sabata yamawa. Mwamwayi adafunsa kwa alangizi, ndipo adamutsimikizira kuti mbuzi ili ndi puloteni wambiri ngati nkhuku yomwe. Mbuzi yaikulu ataiwamba bwino ingawasunge anayiwo mwezi wathunthu. Pamenepo adatembenuka pang'ono n'kuyang'ana kukhola.

Fabiano adasiya njere za bawo zikugwa m'manja. Adati adokotala adanena za nkhuku. Lidiya adayankha mwaulemu kuti nayenso ankadziwa choncho, koma alangizi akuti nzofanana. Fabiano adati nyama ya tonde imanunkha, ana sangaidye. Apa Hudson adalowererapo msanga. Adati nkhani ya fungo aisiye m'manja mwake, iye wapha atonde ambiri pamaliro ndi paukwati ndipo palibe adadandaulapo. Adaonjeza kuti monga mwini mbumba sangalole kuti ana a mlongo wake afooke chiweto chili m'khola. Maso ake adali akuwala. Lidiya sadamuuze kalikonse za zomwe adamva kusikelo, ndipo sikudafunikenso kutero.

"Mawa m'mawa, alamu," adatero Hudson akudzuka. "Ndikanole mpeni."

Madzulo amenewo padali nkhuku yotsala dzulo lake, koma Fabiano adangoitosatosa. Lidiya adamufunsa ngati mwendo wayambanso, iye adati ayi. Lidiya adatenga mbaleyo n'kugawira ana.

Kutacha Hudson adafika ndi mpeni, beseni ndi masamba a nthochi. Panjira adali atauzako anthu, choncho kumbuyo kwake kudabwera amayi anayi oyandikana nawo nyumba, aliyense kambale atakabisa m'chitenje, akuti adzathandize kutsuka matumbo. Kapitawo adamutulutsa m'khola n'kumumangirira pamtengo wa mango. Tondeyo adayamba kudya masamba a nthochi aja mosatekeseka. Lidiya adateleka madzi pamoto, n'kumayenda uku ndi uku ngati munthu wotanganidwa.

Fabiano adatuluka ndi ndodo yake, akutsimphina kuposa masiku onse. Adakhala pakhonde n'kunena kuti walota maloto oipa, sibwino kukhetsa magazi pakhomo lero. Mayi wina adati maloto a magazi amatanthauza ndiwo basi. Fabiano adati tondeyo adamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, nyama yake ingapweteke anthu. Lidiya adamukumbutsa kuti mankhwalawo adamwetsa mvula isadathe. Fabiano adati pali munthu wa ku Mpingu yemwe adalonjeza kubwera ndi mbuzi zake ziwiri Loweruka, ndipo kungakhale kupanda ulemu kumukhumudwitsa. Hudson adangopitiriza kunola mpeni pamwala, n'kuuyesa patsitsi la pamkono.

Kenaka Hudson adaitana amayi awiri kuti agwire chingwe. Adawerama, adakoka miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo, Kapitawo n'kugwa chammbali pamasamba a nthochi. Tondeyo adalira mokweza ndi mawu ake aakulu a besi.

Palibe adaona nthawi yomwe ndodo idagwa. Adangoona Fabiano atadumpha pakhonde, atalumpha beseni, atadutsa bwalo lonse liwiro la mnyamata wa mpira, n'kugwira dzanja la Hudson.

"Dikirani alamu. Ndakumbukira zina zomwe ananena adokotala."

Lidiya adaika pansi chikho chomwe adanyamula n'kupinda manja.

Fabiano adapuma kawiri, kenaka adatambasula dzanja n'kuyamba kuwerenga pazala monga momwe adachitira adokotala tsiku lija. Adatchula nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama. Adatchula mtedza, wokazinga kapena wosinja n'kutendera masamba. Zala zitatha adayamba dzanja linalo. Soya, adati, uyambe wamukazinga kaye kuti fungo lichoke ndiponso asavute m'mimba, kenaka umuphatikize ndi chimanga chosakonola popita kuchigayo, ndipo phala lake limakweza mwana. Mazira, dzira limodzi patsiku likwanira, ndipo zoti mwana akadya dzira amadwala nzabodza. Usipa ndi matemba, kudya ndi mitu yomwe. Mkaka. Mbewa, poti ino ndi nyengo yake, ndi inswa mvula ikagwa. Adati munthu safunika kudya zonsezi tsiku limodzi, koma pambale iliyonse pazikhala chimodzi, ndipo ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ndi amene ayenera kuyambirira kupatsidwa. Sadaphonye kanthu. Adanenanso zina zomwe ngakhale Faness sadazitchule.

Mmodzi wa amayi omwe adagwira chingwe ndiye adayamba kuseka, enawo n'kulandira. Wina adakhala pansi n'kumamenya kambale kake pabondo. Lidiya yekha nkhope idali yowuma.

"Nanga mpweya wa nyemba uja, wotsikira kubala?" adafunsa.

Fabiano adayang'ana pansi. Adati zimenezo zimachitika pa mabala amtundu wina, osati lakeli.

"Tithokoze Mulungu," adatero Lidiya. "Tsiku limodzi lomweli mwendo wachira, nzerunso zabwerera. Achimwene, mumasuleni."

Hudson adaimirira ndi mpeni m'manja, akuyang'ana mlongo wake, kenaka mlamu wake, kenaka tonde yemwe adali atadzuka kale n'kuyambiranso kudya. Zidamutengera nthawi kuti amvetse kuti nyama kulibe. Atamvetsa adakwiya zenizeni. Adati wakhumudwa kwambiri ndi khalidwe la mkamwini wonamiza banja, ndipo nkhaniyi siyothera pompa. Lidiya adamufunsa mofatsa ngati akufuna kuti powauza akuluakulu awerengenso ntchafu zomwe zadyedwa pakhomopo ndi amene adazidya. Hudson adati nkhani zapabanja ndi bwino zizithera pabanja. Adatola beseni lake n'kumapita. Amayi aja adatsatira akusekabe, timbale tili topanda kanthu, koma nkhani yomwe adanyamula idafika kumjigo iwo asadafike kwawo.

Atatsala awiri Fabiano adayembekezera mkuntho. Adamubwezera Kapitawo m'khola, adachedwako dala, kenaka adabwera n'kukhala pakhonde. Lidiya sadakalipe. Adatenga buku la Vanessa, adatsegula tsamba la sikelo n'kuliika pamwendo pake. Adamusonyeza madontho a miyezi yam'mbuyo akukwera, ndi awiri omaliza atangogona pamzere umodzi. Adati mwezi woyambawo ndi womwe bamboyo adali kuchipatala, mwana akudya phala lamadzi kumalo odikirira odwala. Wachiwiriwo sadaunene.

Fabiano adaliyang'ana tsambalo nthawi yaitali. Vanessa adali pafupi pomwepo akusewera ndi chitsekerero cha botolo, timikono tili tating'ono, tsitsi litayamba kufiira m'mphepete. Bamboyo adali asadaonepo zimenezo, ngakhale ankakhala pakhomo tsiku lonse. Adanena kuti adalakwitsa, ndipo adangofuna imodzi yokha.

"Mukadapempha imodziyo ndikadakupatsani," adatero Lidiya.

Fabiano adamuyang'ana mokayikira, ndipo Lidiya adavomera kuti mwina sakadamupatsa. Apo ndiye mayiyo adaseka koyamba, pang'ono chabe. Kenaka adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la soya ndi chiwaya. Adati poti katswiri wa kakazingidwe ka soya ali pakhomo pomwepo, iye sangalimbane nazo. Fabiano adakazinga soyayo yekha, utsi ukumulowa m'maso, adamupeta mosadziwa mpaka Takondwa adamuseka, ndipo masana adamanga thumba panjinga n'kupalasa kupita kuchigayo. Mwendo sudavute ngakhale pachitunda.

Kuchigayoko adapeza mbiri yake itafika kale. Woyendetsa chigayo adamulonjera kuti adokotala, n'kumufunsa ngati mutu waching'alang'ala umafuna nkhuku kapena bakha. Dzinalo lidamukakamira. Kumsonkhano wa kalabu ya fodya amuna anzake ankamubweretsera mabuku akuchipatala kuti awamasulire mokomera. Ena adamudandaulira mwamseri kuti wawaonongera zinthu, chifukwa tsopano mwamuna akangotchula nkhuku akudwala, mkazi amayamba wapita ndi buku kwa Faness.

Pakhomopo zakudya zidasintha. M'mawa kunkakhala phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya, lothira nsinjiro. Thumba limodzi la mtedza Lidiya adaliika padera n'kunena kuti ili silipita kwa ogula, ndipo Fabiano sadatsutse. Nkhuku zotsalazo zidayambanso kuikira. Mazira ena ankawasiya kuti nkhuku zifungatire, ena ankaphikira ana. Fabiano adayamba kuuza obwera ndi mbuzi kwa Kapitawo kuti azibweretsa msoti ngati malipiro, ndipo misotiyo ankaipereka kwa mkazi wake popanda mawu. Lidiya ankailandira popanda mawunso, n'kuidontheza katemera. Hudson adakhala masabata awiri osaponda pakhomopo. Tsiku lomwe adabwera adapeza chipere cha nyemba ndi nkhwani wotendera, adadandaula kuti m'nyumbamo mwalowa umphawi, ndipo adapempha kuonjezera.

Sikelo ya mwezi wotsatira Lidiya adati apite onse. Fabiano adakana kuti kumeneko nkwa amayi, koma Lidiya adati alangizi apempha okha kuti aonane ndi mwini buku lija. Fabiano adapita atavala jekete, ali mwamuna yekhayo pabwalo lonse. Faness adamulonjera mwaulemu wonse, osaseka, n'kumupatsa Vanessa kuti amupachike yekha pasikelo. Muvi udasuntha pang'ono kupitirira pomwe udaima mwezi watha. Faness adaika dontho m'buku, pamwamba pang'ono pa awiri aja, n'kunena kuti ulendo udakalipo koma njira ndi imeneyi.

Kenaka adauza amayiwo kuti lero phunziro la zakudya aphunzitsa ndi bambo awa, poti wamva kuti amazidziwa pamtima. Amayi adaombera m'manja, ena akubisa nkhope m'zitenje. Fabiano adaimirira akutuluka thukuta. Mawu oyamba adatuluka movutikira, koma atafika pa soya adali atazolowera. Adayamba kuyendayenda kutsogoloko, akufunsa mafunso, akudzudzula amuna omwe amadya nganga ana akunyambita msuzi. Mayi wina kumbuyo adafunsa ngati akuwadziwa amuna oterowo, iye n'kuyankha kuti adamvapo za mmodzi wa ku Nsaru. Adalankhula mpaka ana adayamba kulira, Faness n'kuchita kumugwira jekete kuti akhale pansi.

Pobwerera adadzera pamsika kuti agule usipa. Fabiano adanyamula Vanessa paphewa, Lidiya ali kutsogolo ndi jumbo. Pafupi ndi pokwerera minibasi padali mnyamata wa chiwaya akutembenuza zidutswa za nkhuku m'mafuta, ndipo mphepo inkawombera kumsewu. Mapazi a Fabiano adayamba kulemera, mpaka adaima n'kumakonza kansapato ka mwana komwe kadali kale bwinobwino.

Lidiya sadacheuke.

"Tiyeni adokotala," adatero. "Khobwe ndinamusiya pamoto."